Lipoti la msonkhano wa zoni: kuphunzitsa ana a Sitandade 6 mpaka 8 kudziletsa

A hedi, a komiti ya sukulu, a PTA ndi aphunzitsi anzanga, munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi a makalasi apamwamba womwe unachitikira ku TDC (malo osulirako aphunzitsi) ya zoni yathu. Mutu wake unali woti tingawathandize bwanji ana osinkhukirapo kuti azidziletsa, osathamangira zokoma za lero n'kutaya zabwino za mawa.

Ambirife tinkayembekezera kukambirana zilango, koma otsogolera anayamba ndi kafukufuku wa ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, a Walter Mischel a ku yunivesite ya Stanford ankaikira mwana wamng'ono switi imodzi patebulo n'kumuuza kuti akadikira mpaka iwo abwerenso, alandira ziwiri. Amene ankapirira sankangoiyang'ana dwii switiyo ayi. Ankatseka maso, kuyimba, kutembenukira kumbali, ndipo switi ikavindikiridwa kudikirako kunkaphweka. Kwa zaka zambiri anthu ankati mwana wodikira ndiye adzakhoze m'tsogolo, koma mu 2018 a Tyler Watts ndi anzawo, atatsata ana oposa 900, anapeza kuti mbali yaikulu ya kusiyanako imachokera ku mmene zinthu zilili pakhomo pa mwanayo.

Za ana a msinkhu wa athuwa tinamva za a Angela Duckworth ndi a Martin Seligman, omwe anayesa ophunzira a giredi 8 ku America konko n'kufalitsa zotsatira mu 2005. Mwa zina, anawapatsa mwayi wotenga dola imodzi pompo kapena kudikira sabata n'kulandira ziwiri. Kudziletsa kunalosera malikisi a kumapeto kwa chaka kuposa mayeso oyeza nzeru.

Koma chimene chinatikhazika chete ndi cha ku yunivesite ya Rochester, chofalitsidwa mu 2013. A Celeste Kidd ndi anzawo ankapatsa mwana makrayoni akutha n'kumulonjeza atsopano. Ana ena anawabweretseradi, ena anangowapepesa kuti palibe. Kenako kunabwera switi ija. Amene lonjezo lawo linasungidwa anadikira pafupifupi mphindi 12. Amene ananamizidwa, mphindi zitatu zokha. Apa m'chipindamo munayamba kung'ung'udza, chifukwa aliyense anakumbukira makope amene amalonjezedwa kwa opambana potsekera teremu koma osaoneka, ndi mayeso amene timati tibweza Lolemba n'kubweza patatha mwezi. Timawauza ana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwana amene wadekha kangapo osaona kanthu sapusa akasiya kudikira. Kwa ine, phunziro lalikulu la msonkhanowu linali limeneli, ngakhale silinali pa ndondomeko.

Panali kutsutsana ndithu. Mayi wina wophunzitsa Sitandade 7 anati mnyamata amene wajomba tsiku la msika kukagwira ganyu sakusowa kudziletsa, akusowa ufa. Ndinagwirizana nawo. Ena anaumirira kuti si onse opita ku vidiyo amene agona ndi njala, ndipo pamenepanso palibe bodza. Sitinamvane, tinangopitirira.

Njira imene ndaona kuti tingaiyambe popanda ndalama ndi ya katswiri wa za maganizo a anthu, a Peter Gollwitzer: mwana asamangoti "ndilimbikira", koma atchule chomwe chimamukola ndi chimene adzachite. Alembe pa tsamba lomaliza la kope lake mawu ngati awa: "Anzanga akandiitana ku mpira ndisanamalize homuweki, ndiwauza kuti atsogole." Lachisanu mphunzitsi afunse mmene zayendera, mofatsa, osamuchititsa manyazi pagulu. Zimenezi zikhoza kulowa bwino mu phunziro la Life Skills. Za foni tinangodutsapo: yolira m'thumba imavuta kuposa yosungidwa m'chipinda china, ndipo makolo ndi amene angathandize pamenepa.

Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wathu wa aphunzitsi ukubwerawu tilembe malonjezo onse amene tapereka kwa ana teremu ino, ndi tsiku lowakwaniritsira. Amene sitingathe, tikawauze ana poyera. A PTA, mutithandize kuona ngati thumba la ndalama lingakwanitse makope a mphotho tisanalengeze pa asembule. Mapepala amene anatigawira ndawasiya mu ofesi ya a hedi kwa ofuna kuwerenga.