Ma alumni, tisamangopenta makoma, tikhale nawo pansi anawa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga amene tili m'magulu a ophunzira akale aja timati ma alumni. Masiku ano sukulu zambiri za sekondale zili ndi gulupu yake pa WhatsApp ndipo kusonkha kukuchitika ndithu, ena pa Mpamba ena pa Airtel Money, a ku Joni ndi ku UK nawo amatumiza zawo. Sindikunyoza ayi, inenso ndimasonkha mwezi ndi mwezi ku gulu la sukulu yogonera komweko yomwe ndinalembera MSCE.

Koma pali chomwe chakhala chikundivuta mumtima chibwerereni kusukulu kwathu kuja. Tinapita ndi penti, matilesi ndi mipira, tonse titavala ma tisheti ofanana, ahedi anatilandira bwino ana atakhala mu holo, kenako hedi gelo anaimirira nkuwerenga mawu othokoza omwe aliyense amachita kumva kuti analemba ndi aphunzitsi. Tinajambulitsa zithunzi, tinadya, basi. Pokakwera galimoto kamtsikana kena ka fomu 3 kananditsatira nkundiuza motsitsa mawu kuti "anti, zikomo pentiyo koma ife vuto lathu ndi pulepu, magetsi akathima timangokagona, mababu ambiri m'makalasi anapsa kale." Ndinamufunsa kuti bwanji simunanene mu holo muja, anati sitinafunsidwe.

Miyezi yonse ija timakangana pa gulupu za mtundu wa penti, panalibe ndi mmodzi yemwe anati tiyeni tifunse eni ake ogona m'mahositelomo. Ndiye utsogoleri umene timalalikira pa tsiku la career talk aja, aziuphunzira pati?

Tikumbuke mmene upulifekiti umakhalira nthawi yathu, ndipo m'sukulu zambiri sizinasinthe. Aphunzitsi amasankha mwana wamkulu thupi kapena amene amawamvera, nkumupatsa udindo wolemba maina a ochedwa ndi olongolola, kupereka chibalo chotchetcha, kuyang'anira mzere ku dayining'i. Imeneyo ndi ntchito ya ulonda. Mwana wotere amaphunzira kuti mtsogoleri ndi amene amaopedwa, nchifukwa chake ena mwa iwo ndi omwe amatsogolera kuzunza mafomu wani usiku. Ndipo ana akasowa poyankhulira za nyemba zofumbwa kapena madzi, zotsatira zake timaziwerenga mu nyuzi momwemu, magalasi aswedwa, ofesi yatenthedwa, sukulu yatsekedwa, makolo alipire. Ife akale timathamanga kudzudzula pa Facebook kuti ana a masiku ano ndi osamva koma sitinawaonetseko njira ina yodandaulira.

Kwathu tinayesa zina chaka chotsatira ndipo ndikupempha magulu ena ayeseko. Tinagwirizana ndi ahedi kuti ana asankhe okha komiti mochita kuvota, kalasi iliyonse ana awiri, ndipo tinapatula kagawo ka ndalama zathu nkuwauza kuti inu muone chofunika, mufunse mitengo m'masitolo atatu, mulembe bajeti, pakutha pa teremu mudzaime pamaso pa anzanu ndi malisiti. Ndalamazo amasunga ndi aphunzitsi koma chogula amanena ndi ana. Anakangana kwambiri, ena amafuna jezi za timu ena nyale za sola, mpaka ena anakwiyirana sabata yathunthu, koma nyale zinapambana. Pa tsiku la lipoti panasowa lisiti imodzi ndipo msungichuma wawo, kamnyamata kamanyazi ka fomu 2, anatuluka thukuta kufotokoza mpaka anzake anakhutira. Ine pamenepo misozi inalengeza, chifukwa zinthu zimenezi akuluakulu ambiri m'makomiti athu a m'mudzi ngakhale m'mipingo zimawakanika.

Sizifuna ndalama zambiri izi. Zimafuna nthawi, munthu kupitako Loweruka kukakhala nawo pansi pa mtengo kuwaonetsa kayendetsedwe ka msonkhano, kulemba maminitsi, kutsutsana popanda kutukwanana, kumusiya mnzako amalize kuyankhula. Makalabu aja anatiumba ifeyo, dibeti, drama, Wildlife, SCOM, YCS, m'malo ena anangotsala dzina chifukwa mphunzitsi mmodzi ali ndi makalasi odzadza sangakwanitse zonse. Amene munali akatswiri a dibeti muli kuti?

China, sukulu zakale ngati Blantyre Secondary ya 1940, Zomba Catholic ija timati Box 2 ya 1942 ndi Dedza ya 1951 zili ndi mwayi, akale awo ndi madokotala, maloya, ena mabwana m'boma. Koma ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali m'ma CDSS, omwe anayamba mu 1998 kuchokera ku ma MCDE aja, ndipo ambiri mwa iwo alibe gulu la akale lolimba. Gulu lililonse lalikulu litatenga CDSS imodzi yoyandikana nayo nkumaitana komiti ya ana akumeneko pa maphunziro omwewa, sitingasauke nazo. Ife tayamba kukambirana ndi ahedi a CDSS ina yomwe ili pafupi ndi sukulu yathu, ndipo amene akalankhule ndi ana akumeneko teremu ikubwerayi ndi kamtsikana kaja kananditsatira ku galimoto, pano kali fomu 4.

Wophunzira wakale,
Area 25, Lilongwe