Wa m'kangolo nayenso akuyendetsa, tilembereniko za mpikisano wa sidecar

A Mkonzi,

Nyuzipepala yanu ndimawerengera pa foni kuno ku Liverpool komwe ndikugwira ntchito, ndipo ndimayambira tsamba la zamasewero, koma chaka chonse ndi mpira wamiyendo, netibo, nkhonya mwa apo ndi apo basi. Sikuti ndikudana nazo ayi, inenso ndimazitsata. Koma ndati ndikulembereni za masewero ena omwe ndinakawaona ndi maso angawa mu June 2023 ndipo mpaka lero akundizungulirabe m'mutu, mpikisano wa njinga zamoto zokhala ndi kangolo m'mbali, eni ake amati sidecar.

Zimachitikira ku Isle of Man, kachilumba kali pakati pa England ndi Ireland, kuchoka kuno umakwera sitima ya pamadzi maola osakwana atatu n'kukatsikira ku Douglas. Mpikisanowo amautcha TT, chidule cha Tourist Trophy, unayamba mu 1907, ndipo sachitira mu sitediyamu ayi, amangotseka misewu yomweyo imene anthu amadutsa popita kuntchito ndi kusukulu. Kuzungulira kamodzi ndi mamailosi 37.73, ndiye kuti makilomita 60 ndi kanthu, kungotsala pang'ono kufanana ndi Blantyre kukafika ku Zomba, m'mbali mwake muli makoma amiyala, mapolo amagetsi, mageti a nyumba za anthu, kenako msewu umakwera phiri la Snaefell n'kutsikanso. Sanyamukira pamodzi, amawatulutsa mmodzimmodzi pakadutsa masekondi 10, aliyense amalimbana ndi wotchi.

Ine ndinakaima m'tauni ya Ramsey, pamalo otchedwa Parliament Square, pomwe msewu umakhota kumanja kenako nthawi yomweyo n'kukhotanso kumanzere, nde amafika atachepetsa sipidi moti umatha kuwaona bwinobwino. Choyamba chimene chinandidabwitsa ndi kufupika kwa chinthucho. Chimalekeza chapamwamba pa mawondo basi, matayala atatu ophwatalala ngati agalimoto, injini ya 600cc ikulira mpaka m'chifuwa mumanjenjemera. Dalaivala sakhala pampando, amagwada n'kugonera kutsogolo atagwira timahandulo tifupitifupi. Mnzakeyo ndiye alibiretu mpando, alibe lamba, ali ndi kathabwa kathyathyathya koti mwana sangagonepo n'kutambasula miyendo, ndi tizitsulo tingapo togwira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga a Mkonzi. Njinga ya matayala awiri ikafika pakona imapendekeka, aliyense wokwera kabaza amadziwa zimenezo, thupi limangotsatira lokha. Iyi siyingapendekeke. Kangolo kali kumanzere, ndiye pakona ya kumanzere tayala la kangololo limafuna kunyamuka kuti chonsecho chigubuduke, choliletsa ndi thupi la munthu basi. Pakona ya kumanja vuto limasintha, tayala lakumbuyo ndi limene limafuna kuterereka, ndiye wa m'kangolo amayenera kukalipsinja. Ndinaona mnyamata wina akulowa kona yoyamba ija atakwera kumsana kwa dalaivala wake, mutu uli uko mbali ya kumanja, ndisanaphethire n'komwe wabwerera, wadutsa kathabwa konse, walendewera kunja kumanzere, thako ndi phewa zikuchita kufuna kukhula phula, dzanja limodzi lokha ndi lomwe lamugwira. Chikopa cha suti yake paphewa chinali chitayera ndi kuperepeseka. Atangowongoka msewu anadzipinda ngati kamwana m'chitenje kuseri kwa dalaivala kuti mphepo isamugwire, n'kupita.

Ndipo awiriwa salankhulana, phokoso lake simungamvane. Makona ndi opitirira 200, ambiri saoneka mpaka utafika, nthawi zambiri wa m'kangolo amakhala mutu uli pansi ndiye msewu amausunga pamtima, amamva ndi thupi kuti bampu iyi ikatha giya itsika, ikatsika ndituluke kumanzere. Akachedwa ndi sekondi imodzi kapena akatuluka msanga, apita onse awiri. Dalaivala naye amalowa kona asanacheuke, amangokhulupirira kuti mnzanga ali pamalo pake. Mwina n'chifukwa chake m'masewerowa mwadzaza apachibale. Chaka chomwe ndinapitacho Ben ndi Tom Birchall, ana a mimba imodzi a ku Mansfield, anakhala oyamba kuzungulira msewu wonsewo pa sidecar ndi sipidi yopitirira mamailosi 120 pa ola, ndiye kuti pafupifupi makilomita 193 pa ola kuwerengera ulendo wonse, makona ndi phiri lomwe, mphindi zosakwana 19. Awiriwa anapambana ka 14 pa TT, Tom n'kupuma chaka chomwecho. Mu 2024 mipikisano yonse iwiri anatenga Ryan ndi Callum Crowe, nawonso pachibale, a pachilumba pomwepo, ana a Nick Crowe yemwe nayenso anapambanapo pa msewu womwewu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amamutcha pasenja, ngati wangopemphako lifiti. Mukafunsa kuti katswiri wa sidecar pa TT ndani aliyense akuuzani Dave Molyneux, anapambana ka 17, zoona ndithu, koma funsani mayina a anthu omwe ankalendewera m'mbali mwake zaka zonsezo, ambiri angokuyang'anani. Chonsecho kuyambira pachiyambi ntchito ya munthuyu inali yaikulu. Mpikisano woyamba wa sidecar pa TT mu 1923 anapambana Freddie Dixon, ndipo kangolo kake kanali ndi chitsulo chokoka, wa m'kangolo ndi amene ankakoka kapena kukankha kuti njinga ipendekeke pakona. Mu 1949, chaka choyamba cha mpikisano wa dziko lonse, anatenga chikho Eric Oliver pa njinga ya Norton, ndipo amene ankalendewera m'mbali mwake anali Denis Jenkinson, mtolankhani mnzanu a Mkonzi, wolemba za magalimoto.

Sindibisa, masewerowa amapha. Mu 2022 anthu anayi a sidecar anamwalira kutsatira ngozi ziwiri zomwe zinachitika pamalo amodzi otchedwa Ago's Leap, pafupi ndi ponyamukira pomwe. Awiri anali a ku France, César Chanal ndi Olivier Lavorel, enawo anali bambo ndi mwana wake, Roger ndi Bradley Stockton, mwanayo wa zaka 21 zokha. Mmene ndinkaima pa Ramsey paja ndinkazidziwa zimenezi ndipo nthawi zonse ikadutsa ina mtima unkangoti phaa mpaka phokoso litazimiririka cha kuphiri. Ndipo dziwani kuti uko msewu amautsekeratu, pamakhala anthu ambirimbiri olondera makona, madokotala, helikopita ili chire. Achimwene anga akabaza asamve ngati ndikuti akayambe kuthamangitsana pa M1 ndi mapasenja kumbuyo, ayi ndithu, zimenezo ndi zina.

Mwina wina anena kuti izi n'zaazungu, ife zikutikhudza pati. Ine sidecar yoyamba sindinaione ku Ulaya, ndinaiona kwathu ku Mangochi. Anthu akumbukira maambulansi anjinga yamoto aja okhala ndi kabedi m'mbali, omwe ankanyamula amayi oyembekezera kuchoka kuzipatala zing'onozing'ono kupita nawo ku boma. Mlongo wanga ananyamulidwapo pa imodzi usiku, matenda atavuta, ine ndikutsatira panjinga ina. Bambo amene ankayendetsawo, titafika tikudikira panja, anandifotokozera zomwe panthawiyo sindinazimvetse. Anati chinthuchi ukaponda moto chimakokera mbali ya bedi, ukagwira buleki chimakokera mbali inayo, ndipo pakona suchipendeketsa, umachita kukhotetsa handulo ndi mphamvu ngati ukuwongolera ngolo, moti ukafika manja amakhala atalema. Anati chikakhala chopanda wodwala ndi pomwe chimaopsa kwambiri chifukwa tayala la bedi limanyamuka, ndiye iwo pobwerera ankaikamo thumba lamchenga. Anawonjezera kuti mnzawo wina yemwe anayendetsa njinga zaka zambiri anakalowa nayo m'ngalande tsiku loyamba, thupi linachita zomwe linazolowera pamatayala awiri.

Tsiku lija pa Parliament Square, ndikuona mnyamata akudziponya uku ndi uku, ndi pomwe mawu a bambo aja ndinawamva bwino. Ntchito yomwe thumba lamchenga linkagwira ku Mangochi ndi yomweyi, kungoti pano akuigwira munthu wamoyo amene amadziwa kusuntha nthawi yake. Ndiye ngati kwathu kuli komwe akugwiritsabe maambulansi otere kapena akufuna kugula ena, oyendetsa apatsidwe maphunziro akeake, apite pabwalo akaphunzire kunyamula tayala dala n'kulitsitsa mpaka thupi lizolowere, asamangoti poti uyu ali ndi laisensi ya njinga yamoto mupatseni makiyi. M'kabedi muja mumagona munthu woti sangalendewere kunja kuti athandize.

Pempho langa ndi laling'ono. TT imachitika kumapeto kwa May mpaka kumayambiriro kwa June, nthawi imene ligi ya ku England yatha ndipo tsamba lanu limakhalako ndi malo. Tiikireniko kankhani ngakhale kamodzi ndi chithunzi cha sidecar ili pakona, anyamata okonza njinga ku Ndirande ndi ku Mchesi achiona ndipo ndikudziwa kuti ayamba kukangana za mmene chimapangidwira. Ndipo mukamalemba opambana chonde lembani mayina onse awiri, la dalaivala ndi la wa m'kangolo.

Ine wowerenga wanu,
Mmalawi wa ku Mangochi, Liverpool