Maantibayotiki ndi a nkhuku yodwala, osati yathanzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya mabakiteriya odwalitsa nkhuku amene ayamba kusamva mankhwala. Nkhaniyi ikatchulidwa anthu ambiri amaganiza za odwala m'chipatala, ndipo sakulakwa, chifukwa kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Si imfa zonsezo zimene zinachokera ku ziweto, ndipo ine ndikufuna kuiona nkhaniyi kuchokera m'khola, pakuti mankhwala akasiya kugwira ntchito woyamba kuluza ndi mlimi amene ankawathira m'madzi a anapiye ake. Maantibayotiki ndi a nkhuku imene yadwala matenda oyamba ndi mabakiteriya, ndipo chizolowezi chowapatsa nkhuku zathanzi kuti zikule msanga, kapena poopa kuti zingadwale, ndicho chikuthetsa mphamvu ya mankhwalawo.

M'matumbo a nkhuku iliyonse muli mabakiteriya mabiliyoni, ambiri mwa iwo osavulaza. Mankhwala akalowamo, mabakiteriya amene sangapirire amafa, koma ochepa amene ali ndi chibadwa chokana mankhwalawo amatsala, ndipo amapeza malo ndi chakudya chimene poyamba ankalimbirana ndi anzawo. Bakiteriya wa E. coli, amene amapha anapiye ambiri m'sabata yoyamba ndiponso amawolesa timatumba ta mpweya m'nkhuku zanyama, amatha kugawikana pakati m'mphindi 20 zokha zinthu zikamuyendera bwino, choncho ochepa otsalawo sachedwa kudzaza khola lonse kudzera m'zitosi, m'utuchi ndi m'zomwera. Choopsa kwambiri n'chakuti mabakiteriya amapatsirana luso lokana mankhwalali kudzera m'timaphukusi ta majini (timalangizo ta chibadwa cha chamoyo) totchedwa mapulazimidi, ngakhale atakhala a mitundu yosiyana, ndipo kaphukusi kamodzi kamatha kunyamula majini okana mankhwala angapo nthawi imodzi. Ndiye kuti mlimi amene amangogwiritsa ntchito antibayotiki mmodzi monga oxytetracycline akhoza kukhala akuweta mabakiteriya okananso mankhwala amene iye sanawagulepo n'komwe.

Aliyense amene anayimapo m'khola lodwala akudziwa zimene zimachitika pa chomwera. Nkhuku yodwala imakhala pakona itadzikunda, nthenga zili nyankhalala, maso ali tsinzinu, ndipo imangolawa madzi kapena osamwa konse, pamene zathanzi zimamwa mpaka kukhuta. Mapeto ake, mankhwala ambiri amapita m'nkhuku zimene sizikuwafuna, ndipo yodwalayo imalandira ochepa, osakwanira kupha bakiteriya koma okwanira kusankha olimba. Onjezeranipo kuti ufa wamankhwalawo kawirikawiri umayezedwa ndi maso, madzi amakhala padzuwa tsiku lonse pamene mankhwala a m'gulu la tetracycline amafooka ndi kuwala, ndipo nkhuku zikangoyamba kudya mlimi amasiya kuzipatsa masiku olembedwa papaketi asanakwane. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza za zimenezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945, pamene ananena kuti mankhwala ochepera mlingo amaphunzitsa tizilombo kupirira.

Chizolowezi chothira maantibayotiki m'chakudya chinayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene Thomas Jukes ndi Robert Stokstad a kampani ya Lederle ku America anaona kuti anapiye odya zotsalira popanga antibayotiki wotchedwa aureomycin ankakula msanga. Zotsatira zake zinaonekera poyera mu 1976, pamene wasayansi Stuart Levy anafalitsa zimene anapeza atayesa kudyetsa nkhuku chakudya chothira tetracycline pafamu ina ku Massachusetts. Pasanathe sabata, mabakiteriya ambiri a m'matumbo a nkhukuzo anali osamva mankhwalawo, ndipo patatha miyezi 5 kapena 6 anthu okhala pafamupo anapezekanso ndi mabakiteriya otero ngakhale kuti iwo sanamwe mankhwala alionse. Dziko la Sweden linaletsa maantibayotiki okulitsira ziweto mu 1986, mayiko a European Union anachita chimodzimodzi kuyambira pa 1 Januwale 2006, ndipo mu 2017 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mankhwala ofunika kwa anthu asamaperekedwe kwa ziweto zosadwala.

Pali njira inanso imene mankhwala amawonongekera, yomwe imandipweteka kwambiri chifukwa mlimi amawononga ndalama popanda kupulumutsa nkhuku ngakhale imodzi. Chitopa ndi gumboro amayamba ndi mavairasi, ndipo palibe antibayotiki amene amapha vairasi. Chitetezo chake ndi katemera woperekedwa pa nthawi yake, wosungidwa pozizira bwino. Ngakhale pakati pa mabakiteriya eniake, mankhwala amodzi sagwira onse. Bakiteriya wa Mycoplasma gallisepticum, amene amachititsa nkhuku kukhosomola ndi kufwenkha kwa nthawi yaitali, alibe chikhoma chakunja chimene penicillin ndi amoxicillin amagumula, choncho kupatsa nkhuku mankhwala amenewa n'kungotaya. Komabe nkhuku ikangoyamba kupuma mobanika kapena kutsegula m'mimba, anthu ambiri amathamangira paketi iliyonse imene wogulitsa waloza, ndipo ikakanika amagula ina yamphamvu kuposa yoyamba, popanda wina aliyense kung'amba nkhuku yakufa kuti aone chimene chaipha.

Ena anganene kuti madzi akatayika sawoleka, ndipo palibe chifukwa chovutitsira alimi tsopano. Zimene zinachitika ku Quebec m'dziko la Canada zikutsutsa maganizo amenewa. Malo oswetsera anapiye kumeneko ankabaya mazira mankhwala a ceftiofur, amene ali m'gulu limodzi ndi ceftriaxone wochizira ana odwala kwambiri matenda oyamba ndi bakiteriya wa Salmonella. Mu 2005 eni malowo anasiya okha mchitidwewu, ndipo mwa mabakiteriya a Salmonella Heidelberg opezeka pa nyama ya nkhuku yogulitsidwa, osamva mankhwalawo anatsika kuchoka pa 62 pa 100 alionse mu 2004 kufika pa 7 mu 2006, pamene mwa opezeka mwa anthu odwala anatsika kuchoka pa 36 kufika pa 8. Ena atayambiranso kubaya mazira mu 2007, chiwerengerocho chinayambanso kukwera. Ndiyenera kunena mosabisa kuti si nthawi zonse pamene zinthu zimabwerera chonchi. Boma la America linachotsa enrofloxacin pa mankhwala a nkhuku mu 2005 chifukwa cha bakiteriya wa Campylobacter wosamva ciprofloxacin, mankhwala a anthu a m'gulu limodzi ndi enrofloxacin, koma bakiteriya wosamvayo anapitirizabe kupezeka kwa zaka zambiri. Kwa ine zimenezi zikungosonyeza kuti kuchedwa kusiya kuli ndi mtengo wake, pakuti mankhwala ena akaonongeka sabwereranso msanga. Nkhani ya colistin, antibayotiki amene madokotala amagwiritsa ntchito pa anthu mankhwala ena akakanika, ndi yofanana: mu 2015 akatswiri a ku China anapeza jini yokana colistin yotchedwa mcr-1 pa pulazimidi ya E. coli wa m'nkhumba, m'nyama ya nkhuku ndi mwa odwala, ndipo pamene dzikolo linkaletsa colistin m'chakudya cha ziweto mu 2017, jiniyo inali itapezeka kale m'mayiko ambiri.

Mantha a mlimi ndi omveka, chifukwa nkhuku zanyama zimakula m'masabata ochepa ndipo matenda akalowa ndalama zonse zimathera pomwepo. Koma alimi a nkhuku zanyama a ku Denmark atasiya mankhwala okulitsira mu 1998, imfa za nkhuku sizinachuluke, kungoti chakudya chofunika pa kilogalamu iliyonse ya nyama chinakwera pang'ono. Chimene chinalowa m'malo mwa mankhwala ndi ntchito yodziwika kale: kusadzaza nkhuku mopitirira m'khola, utuchi wouma, mpweya wokwanira kuti fungo la zitosi lisapweteke mapapo, zomwera zotsukidwa tsiku lililonse, kusasakaniza nkhuku za misinkhu yosiyana, ndi kusiya khola lopanda kanthu kwa masiku angapo litatsukidwa lisanalandire anapiye atsopano.

Mlandu wonse usagwere mlimi yekha. Wogulitsa mankhwala amene amapereka enrofloxacin kapena colistin kwa aliyense wobwera ndi ndalama, popanda kalata ya dokotala wa ziweto, ali ndi gawo lake, monganso oswetsa anapiye amene amalangiza kuti mwanapiye aliyense ayambe moyo wake ndi antibayotiki m'madzi. Opanga mapaketi osakaniza mavitamini ndi maantibayotiki ayenera kulemba moonekera chimene chili m'katimo, pakuti alimi ena amapereka mankhwala akuganiza kuti akupereka mavitamini okha, ndipo potero sasunganso masiku oyenera kudikira asanagulitse mazira kapena nyama. Kwa akuluakulu oona za ziweto, pempho langa ndi lakuti mlimi athe kupereka nkhuku yakufa ku labotale n'kulandira yankho m'masiku ochepa, lotchula bakiteriya amene wapezeka ndi mankhwala amene akumugwirabe, ndiponso kuti zotsatira zimenezi azizisonkhanitsa n'kuzilengeza chaka ndi chaka, kuti alangizi ndi madokotala a ziweto adziwe mankhwala amene ayamba kukanika m'dera lililonse.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa ndi ulimi wa nkhuku