Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a sayansi ku Zomba

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a kuno ku Mangochi, ndabwerako. Za masikimu ndi kachongedwe ka mayeso zinali zomwe mukuzidziwa kale, mapepala ake ali kwa alembi.

Ndalama yanu inagwira ntchito pa phunziro la ma cilia, tiubweya tija ta m'njira ya mpweya ndi pathupi pa Paramecium, kachilombo ka m'madzi ka selo limodzi. Ife timangouza ana kuti amagwedezeka n'kukankhira mamina kukhosi. Nanga chimawagwirizanitsa n'chiyani, popeza palibe mtsempha wowalamula? Ndi madzi omwe amapalasawo. Kwa chinthu chaching'ono chotere madzi ndi onanda, ndiye limodzi likapalasa limakoka madzi, madziwo n'kukankha loyandikana nalo. Lofulumira limabwezedwa, lochedwa limathamangitsidwa, mpaka onse amatsatizana ngati mpunga m'dambo mwera ukamawomba. Katswiri wa sayansi wa ku England G. I. Taylor anachita masamu ake mu 1951 poganizira michira ya umuna. Mu 2014 gulu la Raymond Goldstein ku Cambridge linagwira maselo awiri a ndere ya m'madzi yotchedwa Volvox pa timapaipi tagalasi: atayandikana, michira yawo, yomwe imafanana ndi ma cilia, inkapalasa limodzi, atawatalikitsa lililonse linayamba zake. Sikonse kumene ali madzi okha ayi, ndere ina yotchedwa Chlamydomonas ili ndi timinyewa m'kati tolumikiza michira yake iwiri, koma madziwo ndi amene anandidabwitsa.

Tisati izi n'zakutali. Kachilombo ka likodzo kakangotuluka m'dzira kamasambira ndi ma cilia posaka nkhono, m'madzi omwewa ana athu amasamba ku Malombe ndi ku Monkey Bay. Utsi umafooketsa ma cilia a m'chifuwa, ndipo amayi a ana amene timaphunzitsa amatandala mu utsi powamba nsomba.

Msonkhano unagwirizana kuti tizionetsa ana mavidiyo a pafoni. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Paramecium amapezeka m'madzi a pachithaphwi kwaulere, chofunika ndi maikulosikopu. Apa ndifunse: maikulosikopu a gulu lathu aja anabwerekedwa ndi sukulu ina chaka chatha ali kuti? Tikafunsa, akuti makiyi ali ndi ahedi. Mwana wa Fomu 3 alemba bwanji za chinthu chimene sanachionepo chikuyenda?

A Msungichuma, malisiti a minibasi ndabweretsa. Ya chakudya inaperewera, ndinaonjezera yam'thumba. Nkhani ya maikulosikopu ilowe pa ajenda Loweruka.