Timizere ta pansi pa zotsatira tisamadule chiganizo pakati

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za timizere tiwiri kapena titatu timene timaoneka pansi pa mutu wa tsamba munthu akafufuza kanthu pa Google kapena Bing. Akatswiri amatitcha snippet. Ambiri a ife, makamaka pa foni, timangowerenga tomweto basi n'kutseka, osatsegula tsamba lenilenilo. Zimene zalembedwa pamenepo ndizo munthu amachoka nazo ngati yankho, ndipo n'chifukwa chake kadulidwe kake kamandidetsa nkhawa.

Nzeru yoonetsa liwu lofunidwa pamodzi ndi mawu oyandikana nalo ndi yakale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM adakonza njira yoika liwulo pakati, mawu ochepa kumanzere, ena kumanja. Makina ambiri oyambirira ofufuzira pa intaneti ankangoonetsa mizere yoyamba ya tsamba, kaya mwafunsa chiyani. Mu 1998 akatswiri ofufuza Anastasios Tombros ndi Mark Sanderson adasonyeza kuti anthu amazindikira msanga tsamba lowathandiza ngati kachidutswako kasankhidwa motsatira funso lawo. Zimenezo zidali zoona ndipo zikadali zoona. Koma liwu lanu likaoneka m'zilembo zakuda zochindikala, zimangotanthauza kuti liwulo lilipo patsambapo. Sizitanthauza kuti tsambalo likugwirizana nanu.

Tiyerekeze kuti dokotala walemba kuti: "Anthu ambiri amaganiza kuti maantibayotiki amachiza chimfine, koma chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo mankhwalawa sapha vairasi." Mayi wa mwana wodwala walemba m'bokosi lofufuzira kuti "maantibayotiki chimfine". Makina asaka pamene mawu awiriwa ayandikana, adula kutsogolo, adula kumbuyo, aikapo timadontho titatu. Chotsala ndi chakuti "maantibayotiki amachiza chimfine", chakuda bii ngati chidindo. Dokotala uja walemba zoona, makina sadawonjezere liwu lililonse, koma mayiyo wawerenga bodza. Mawu amene amatayidwa kawirikawiri ndi aang'ono, monga "koma", "pokhapokha", "ena amati", "kale". Makina amawapeputsa chifukwa amapezeka paliponse, chonsecho ndi amene amanyamula tanthauzo.

Gwero lina la vutoli ndi kuwerenga zilembo m'malo mowerenga ziganizo. Pulogalamu ya Elasticsearch, imene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito m'mabokosi ofufuzira a pamasamba awo, imatenga zidutswa za zilembo pafupifupi 100 ngati mwini wake sanasinthe. Zilembo 100 n'zochepa kwambiri kwa chiganizo chokhala ndi chenjezo kumapeto. Kusintha chiwerengerochi si ntchito yaikulu, kumangofuna kuti wina akhale pansi n'kuwerenga zimene bokosi lake likutulutsa.

Nkhaniyi idakula mu 2014 pamene Google idayamba kuika yankho limodzi m'bokosi pamwamba penipeni pa zotsatira. Malo amenewo amapatsa mawu ulemu wa chigamulo. Mu 2017 kudamveka phokoso bokosilo litapezeka likubwereza mabodza ochokera pamasamba osadalirika, kuphatikizapo lakuti Barack Obama, yemwe adali pulezidenti wa America, ankakonza zolanda boma. Ndiyamikire chinthu chimodzi: kuyambira mu 2020, munthu akadina bokosilo nthawi zambiri amafikira pa ndime yeniyeniyo, itapakidwa mtundu wowala, moti amaona zimene zili pamwamba ndi pansi pake. Ichi ndi chabwino ndithu. Kungoti chimathandiza amene wadina yekha.

Kwa okonza makinawa ndikupempha kuti kachidutswa kaziyamba pamene chiganizo chayambira ndi kuthera pamene chathera, ngakhale pafunike mzere wina wowonjezera. Chiganizo chikamatsatiridwa ndi "koma", mbali yachiwiriyo iziloweramo. Tsiku limene nkhani idalembedwa lizioneka poyera, chifukwa lamulo kapena malangizo a zaumoyo a zaka khumi zapitazo amaoneka atsopano akadulidwa bwino. Ndipo kudetsa mawu, kapena kuti kuwaonetsa m'zilembo zakuda zochindikala, kuchepe. Pamene liwu lililonse la funso ladetsedwa kanayi kasanu, diso limangodumphadumpha pa mawu amene munthu akuwadziwa kale, n'kusiya yankho lili pambali.

Nanunso a Mkonzi muli ndi mbali yanu. Kuyambira mu 2019 Google idapatsa eni masamba zida monga max-snippet ndi data-nosnippet, zimene zimalola kunena utali wa kachidutswa kapena kuletsa ndime ina kuti isatengedwe. Nkhani yotsutsa mphekesera ikamabwereza mphekeserayo mawu ndi mawu, ndime imeneyo ndiyo yoyenera kutchingidwa. Koposa apo, atolankhani anu akamalemba za bodza limene likufala, asaliike lokha m'chiganizo chake n'kudzalitsutsa m'ndime yachitatu. Liwu lakuti "sizoona" likhale m'chiganizo chomwecho, pafupi penipeni ndi mawu amene anthu angafufuze, kuti makina akabwera ndi lumo lawo asapeze poduladula popanda kulitenga.

Ine wanu,
Wowerenga wanu wa tsiku ndi tsiku