Uphungu wa ophunzira m'makoleji a ku Zomba ukhale ndi njira yodziwika

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhulepo za uphungu wa maganizo kwa ophunzira a m'makoleji a kuno ku Zomba. Nkhaniyi imamveka kwambiri pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, komanso pamene mwana wina wadzipha. Maliro akatha, zii. Pempho lathu kwa akuluakulu a ku Chirunga, ku Domasi ndi makoleji ena ndi lakuti wophunzira aliyense adziwe khomo logogoda, ndipo amene ali kuseri kwa khomolo adziwe chochita kuyambira tsiku loyamba mpaka mwanayo atachira.

Khomolo likhale pati? Ife a ku Zomba tikudziwa kuti dzina la tauni yathu ena amanyozera nalo anzawo: "Ameneyu ngofunika ku Zomba." Wophunzira amene wakula akumva mawu amenewa sangalowe m'chipinda cholembedwa kuti "za misala", kapena choyandikana ndi ofesi yomwe anzake amakaweruzidwirako milandu. Chipinda cha mlangizi chikhale ku kiliniki, komwe aliyense amapita ndi malungo kapena chifuwa. Nthawi yokumana azipangana pa WhatsApp, pa nambala yomwe amasunga mlangizi yekha. Chizitsegulidwanso madzulo ndi Loweruka, chifukwa mwana wokhala ku Chikanda, Chinamwali kapena Matawale sangajombe kalasi kuti akafole. Fayilo yake ikhale m'kabati yokhoma, isasakanikirane ndi ya maphunziro, ndipo mphunzitsi amene amachonga mayeso ake asakhalenso mlangizi wake. Pa tsiku loyamba mlangizi anene mosabisa kuti chinsinsi chidzasungidwa, kupatula pamene moyo uli pachiswe.

Ambiri safika n'kunena kuti akudwala maganizo. Amati mutu sukusiya, mtima ukugunda, tulo sitikubwera, "ndikungoganiza kwambiri". Akayezedwa malungo n'kupezeka kuti palibe, amapatsidwa Panado n'kubwerera. Apa ndi pamene timawataya. Pali mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, omwe alipo m'Chichewa ndipo satenga mphindi zoposa khumi. Amafunsa za masabata awiri apitawa: chisoni, kusasangalala ndi zomwe munthu ankakonda, tulo, kudya, kutopa, kudziona wolephera. Funso lililonse lili ndi mamalikisi kuyambira 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Wopeza 10 kapena kuposa aonedwe bwino ndi wachipatala. Wofika pa 20 matenda ake ndi aakulu, asauzidwe kuti abwere sabata yamawa.

Funso lachisanu ndi chinayi ndi lokhudza maganizo ofuna kufa, ndipo ndi lomwe anthu amalilumpha chifukwa cha mantha. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Nthawi zambiri amapuma, poona kuti pali wina amene sakuthawa. Yankho likakhala lina lililonse kupatula "ayi", mlangizi afunse molunjika: mwakonza kale njira? Zinthuzo muli nazo? Munayesapo kale? Ngati wakonza, asasiyidwe yekha ngakhale kwa ola limodzi. Mapilitsi ndi mankhwala a makoswe zichotsedwe m'chipinda chake, mbale mmodzi amene iye wasankha aimbiridwe, ndipo tsiku lomwelo aperekezedwe ku Zomba Central Hospital kapena ku Zomba Mental Hospital. Akatuluka, mlangizi amuimbire pasanathe masiku atatu, chifukwa masabata oyamba atatuluka m'chipatala ndiwo oopsa. Anzake am'chipinda adziwenso kuti malo oyamba opita naye ndi kuchipatala. Lamulo la Penal Code lomwe tinatengera kwa atsamunda linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo mantha a apolisi achititsa ambiri kubisa wodwala mpaka nthawi itatha.

Uphungu weniweni si kulalikira kapena kuuza mwana kuti alimbe mtima. Njira ya Friendship Bench, yomwe anayambitsa Dixon Chibanda ku Zimbabwe, ndi yosavuta kuphunzitsa ndipo imatheka m'maulendo asanu ndi limodzi. Wophunzira amatchula mavuto onse omwe akumudya, amasankhapo limodzi lomwe angathe kuligwira, amaganizira njira zingapo, n'kusankha imodzi yoti achite sabata imeneyo, tsiku ndi nthawi yake zitalembedwa. Akabweranso amayamba ndi kufotokoza zomwe zatheka. Cholakwika chofala ndi chakuti mlangizi amasankha yekha vutolo ndi yankho lake. Mwana amavomera mwaulemu, "chabwino madamu", osabweranso.

Ndipo vuto losankhidwalo kawirikawiri ndi ndalama. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, ufa ndi makala zinakwera, pomwe matumba a makolo kumudzi sanasinthe. Pali ophunzira amene amadya kamodzi patsiku. Ena amatenga ndalama ya ngongole ya sukulu n'kubetchera mpira poyembekeza kuichulukitsa, ikapita amathawira kwa akatapila. Mlangizi amene alibe njira yofikira ku ofesi ya zachuma, kapena kwa amene amalumikizana ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, amangomvetsera njala osaithetsa. Pakhale kathumba kadzidzidzi kogulira chakudya cha masabata awiri, komwe mlangizi angatsegule ndi siginecha imodzi.

Nthawi zoopsa m'chaka cha sukulu zimadziwika. Masabata oyamba a chaka choyamba, mwana amene anali woyamba kusekondale akapeza kuti kuno ndi wapakati. Masabata awiri mayeso asanayambe. Koposa zonse, tsiku lotuluka zotsatira. Amene wapeza masapu (mayeso obwereza), kapena wawidedwa (wachotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso), amaona uthengawo pafoni ali kumudzi, mwina pakhomo pomwe anagulitsa mbuzi kuti iye alipire fizi. Wowidedwayo tsiku lomwelo amasiya kukhala wophunzira, ndiye kuti khomo la mlangizi latsekekanso. Izi zisinthe. Uthenga wa zotsatira ukhale ndi nambala ya mlangizi, aliyense wochotsedwa aimbiridwe pasanathe masiku awiri, afotokozeredwe ngati pali mwayi wodandaula kapena wobwereza, ndipo aloledwe kupitiriza uphungu kwa miyezi itatu.

Za mankhwala tinene mwachidule. Mankhwala a matenda a maganizo monga fluoxetine ndi amitriptyline sachiza tsiku limodzi. Pamafunika masabata awiri mpaka anayi, ena kuposa, kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo akapeza bwino apitirize kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Ambiri amasiya sabata yoyamba chifukwa palibe anawauza zimenezi. Wachinyamata amene wangoyamba aonedwe sabata iliyonse mwezi woyamba, ndipo amene ali ndi maganizo odzipha asapatsidwe amitriptyline wa mwezi wonse nthawi imodzi. Holide ndiyo imaononganso zambiri: mwana wapita kwawo ku Chitipa kapena ku Nsanje, mankhwala atha. Asananyamuke, dzina la mankhwala ndi mlingo wake zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, kuti chipatala cha boma lakwawo chipitirize.

Pali zizindikiro zina zomwe si za uphungu konse. Wophunzira amene watha masiku atatu osagona koma sakutopa, akulankhula yekha, akuti anzake akumuthira mankhwala m'ndiwo, makamaka ngati amasuta chamba, afunika dokotala tsiku lomwelo. Mapemphero ndi abwino ndipo sitikuwaletsa, koma achitike munthuyo ali panjira ya kuchipatala. Matendawa akachedwa kuthandizidwa amavuta kuchiza.

Amene amayamba kuona zonsezi si alangizi ayi. Ndi mnzake wam'chipinda, mtsogoleri wa kalasi, atsogoleri a SCOM ndi magulu ena achipembedzo, alonda, ndi mayi wa nyumba ku Chikanda amene waona kuti chitseko china sichinatseguke kuyambira dzana. Anthu awa aphunzitsidwe kwa masiku awiri zinthu zitatu zokha: kuzindikira, kufunsa, kuperekeza. Asasandutsidwe alangizi opanda wowayang'anira, chifukwa nawonso amalemedwa, ndipo chinsinsi chikangotuluka kamodzi m'hositelo palibe adzabwerenso. Azikumana ndi mlangizi wophunzira bwino pa masabata awiri aliwonse. Akatswiri sitikusowa kofunsa: University of Malawi ili ndi dipatimenti ya psychology, a Saint John of God ku Mzuzu amaphunzitsa alangizi, a YONECO omwe ali ndi mafoni aulere a uphungu likulu lawo lili konkuno, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili m'tauni mwathu momwemuno.

Tikupempha kuti semesita ikubwerayi isanayambe, koleji iliyonse isainirane ndi Zomba Central Hospital ndi Zomba Mental Hospital za amene angaimbiridwe usiku, galimoto yonyamula wodwala idziwike, ndipo nambala ya mlangizi isindikizidwe kuseri kwa chiphaso cha wophunzira aliyense.

Alangizi a za umoyo wa maganizo,
Zomba