Thovu la mowa wa m'keg lili ndi chifukwa chake

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni malo omwera mowa m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, amene akudandaula kuti pampopi pakungotuluka thovu. Nthawi zambiri vuto ndi kutentha.

Keg, mgolo wachitsulo wosungiramo mowa, izikhala pa madigiri 3 kapena 4. Ikangotsika m'galimoto, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, isiyeni mufiriji maola 24 musanailumikize. Mpweya wa CO2, umene umakankha mowa kuchoka m'keg, ukhale pakati pa 10 ndi 12 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya). Mukautsitsa kwambiri, mpweya umatuluka m'mowa, mumaona timathovu m'paipi ndipo mowa umasukuluka. Silinda ya mpweyawu iime chilili, yomangidwa ndi tcheni. Pakani madzi a sopo polumikizira paliponse. Pakachita thovu ndiye kuti mpweya ukuthawa, sinthani kalabala ka polumikizirapo.

Magetsi akathima musamatsegule firiji.

Chomwe chimatiwawa n'kunyalanyaza kutsuka. Masabata awiri aliwonse pititsani mankhwala otsukira m'mapaipi, mutsukuluze ndi madzi oyera, mumasulenso mpopi ndi coupler (chitsulo cholumikizira keg ndi mapaipi) n'kuzikwecha ndi kaburashi. Apo ayi, yisiti ndi tizilombo zimamera mkatimo, mowa umasasa, kasitomala n'kumati mwamuthirira wotsala dzulo.

Amisiri okonza mafiriji,
Mangochi